USIKU PA MCENGA WA LUANGWA

Wolemba Mtola Nkhani Wathu

Munthu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata pa mseu waukulu wa kum'mawa, akayenda makilomita oposa 200, amafika pa ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Pamenepo mabasi amaima, anthu natsika kukagula nsomba zouma ndi madengu. Ukakhala mwezi wa Okutobala, woyang'ana pansi pa ulalo amaona madzi ocepa akuyenda mwaulesi pakati pa mcenga woyera, wotambalala ngati munda wosalimidwa. Ambiri amangopukusa mutu, nati mtsinje wauma, palibe camoyo pamenepo. Koma anthu a kwa Nyalugwe, a kwa Luembe, a kwa Mwape ndi a kwa Sandwe, amene amamwa madzi amenewa, adziwa kuti mcenga umenewo ndiwo cikuta ca mtsinje. M'menemo ndimo ng'ona, nkhasi ndi mbalame za m'madzi zimaikira mazira ao, ndipo zambiri za izi zimacitika usiku, anthu ali m'tulo.

KUTSIKIRA KU CIGWA

Ulendo wathu wokaona cikuta cimeneci tinauyambira pa boma la Petauke, m'dziko la Ansenga a Mfumu Yaikulu Kalindawalo. Kuno n'kumtunda, pafupi-fupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo m'mamawa kumaomba kamphepo kozizira ngakhale m'cilimwe. Nyengo imeneyi alimi amakhala ali kalikiliki kusosa m'minda ya nshawa, cimanga ndi thonje, maso ali kumwamba kuyembekeza mvula yoyamba. Kucoka pa Petauke kulinga kumadzulo, mseu umatsika pang'ono-pang'ono kwa makilomita ngati 70 kufikira pa Nyimba, pamene wapaulendo sadutsa osagula nthoci kwa amai okhala m'mbali mwa mseu.

Pa Nyimba tinasiya phula, ndi kulowa mseu wa dothi wolinga ku mtsinje. Pamene galimoto itsika zitunda, mitengo ya mombo ndi misuku imayamba kusowa, ndipo m'malo mwace mumaoneka tsanya ndi milambe. Mphepo nayonso imasintha. Pofika m'cigwa munthu amakhala atatsika mamita oposa 500, ndipo masana kutentha kumapitirira madigiri 40, kotero kuti nkhuku zimangoyasama pa mthunzi wa nkhokwe.

Dziko limeneli liri m'manja mwa mafumu Luembe, Nyalugwe ndi Mwape a m'boma la Nyimba. Kumtunda kwa mtsinje kuli a Sandwe, amene dziko lao linali mbali ya Petauke kufikira m'caka ca 2018 pamene linapangidwa boma latsopano la Lusangazi. Tsidya lija la mtsinje kuli malo osungirako nyama ochedwa West Petauke, ndipo kwa a Sandwe kuli malo ena otere amene amacita malire ndi nkhalango ya South Luangwa. M'malo amenewa anthu aloledwa kumanga midzi ndi kulima, koma kupha nyama n'kwa okhawo ali ndi cilolezo.

MTSINJE UMENE UMASESA BWALO LACE

Mtsinje wa Luangwa umacokera ku mapiri a Mafinga, pafupi ndi malire a dziko la Malawi, ndipo umayenda makilomita oposa 700 kufikira ku Feira kumene umathira mu Zambezi. M'dzinja mitsinje ya Lusangazi ndi Msanzala yocokera ku mtunda wa Petauke, ndi Lunsemfwa wocokera kumadzulo, imatsanuliramo madzi ofiira odzala dothi. Pamenepo Luangwa umalusa. Paliponse pamene ukhota, umagumula gombe la kunja ndi kugwetsa mitengo, koma ku gombe la mkati umasiya mcenga watsopano. Madzi akaphwera m'masika, mcenga umenewo umaonekera uli woyera, wopanda udzu, ngati bwalo losesedwa.

Cifukwa cace zamoyo zimafuna mcenga wotere sicobvuta kumvetsa. Nkhuku imafungatira mazira ndi thupi lace. Ng'ona ndi nkhasi sizingathe kutero, pakuti matupi ao alibe kutentha kwao-kwao. Zimaotha dzuwa monga buluzi. Conco nchito yofungatira zimaisiyira mcenga. Mcenga wosefedwa ndi cigumula ndi wofewa kukumba, susunga madzi ambiri amene angaoletse mazira, umalola mpweya kulowa, ndipo umagwira kutentha kwa dzuwa masana ndi kukusunga usiku wonse. Popanda kusefukira kwa caka ndi caka, mcengawo ungamere bango ndi udzu, ndi kuuma ngati dothi la pa culu.

ZOLEMBEDWA PA MCENGA

Titafika m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, tinayamba taonekera kwa a mfumu monga mwa mwambo, ndipo iwo anatipatsa anthu awiri otiperekeza. Mmodzi anali mkulu wa imvi amene wakhala akusodza mu Luangwa kuyambira ubwana wace. Wina anali mnyamata wa gulu la alonda a nyama a m'midzi. Tisananyamuke mkuluyo anatipatsa malamulo. "Adzukulu," anatero, "musayende m'mphepete mweni-mweni mwa madzi, musaime pakati pa mvuu ndi dziwe lace, ndipo nyali musayatse kufikira nditakuuzani." Mnyamata uja anaomba m'manja nati, "Tamva, ambuye."

Tinatsikira ku mcenga dzuwa litapendeka, kuti tiyambe taona mapazi kusanade. Pa gombe lalitali la tsidya lija panali maenje mazana-mazana, ndipo afulagombe ofiira ngati magazi anali kulowa ndi kuturuka. Mbalame zimenezi zimafika m'cigwa caka ciri conse kumapeto kwa Ogasiti kudzaswera m'magombe amene mtsinje wagumula. Pansi pathu mcenga unali wodzala zolemba kwa wodziwa kuwerenga. Njira ya mvuu iri ndi mizere iwiri, ndi kamtumbira pakati. Ng'azi imasiya timapazi ta zala zazitali ndi kamzere kopyapyala ka mcira. Ng'ona imasiya mzere waukulu wokhota-khota, mapazi ali uku ndi uku. Mkulu uja anationetsa njira imodzi yotere imene inali yopondeka kuposa zinzace, yocoka m'madzi ndi kukwera kufikira pamalo okwera, patsinde pa citsamba, pamene madzi a mvula yoyamba sangafike msanga. Anatifotokozera kuti ng'ona yoothera dzuwa cabe imagona pafupi ndi madzi, koma imene ikwera kutali cotero ndi kubwerera njira yomweyo tsiku ndi tsiku iri ndi mazira.

Tinakhala pansi patali, pamwamba pa gombe, ndi kudikira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdima utagwira, mvuu zinayamba kulira m'dziwe, kenaka tinamva zikuphwanya bango popita kukadya msipu. Mcenga unali ukadali wofunda ngati phulusa la dzulo. Patapita maola awiri mkulu uja analola kuti nyali iyatsidwe, ndipo mlonda anaigwira pafupi ndi diso lace, naiyendetsa pang'ono-pang'ono pamwamba pa madzi. Apa ndi apo panaoneka timoto tofiira, tiwiri-tiwiri, tonga makala. Amenewo ndiwo maso a ng'ona, amene amabweza kuwala. Akatswiri akafuna kudziwa kuculuka kwa ng'ona mu mtsinje amacita comweco: amayenda pa bwato usiku, nawerenga maso pa kilomita iri yonse.

Nyali itatembenukira ku citsamba cija, maso ena awiri anayaka pamtunda. Ng'ona yaikazi inali gone pa mcenga, cibwano ciri pansi. Sinathawe, sinagwedezeke. Mlonda anazima nyali msanga, ndipo tinabwerera m'mbuyo mwakacete-cete.

MIYEZI ITATU YA ULONDA

Ng'ona yaikazi imayamba kuikira itakwanitsa zaka 10 kapena kuposa. M'cigwa cino imaikira m'cilimwe, maka-maka ca m'mwezi wa Seputembala, madzi atatsika. Imakwera usiku, ndi kukumba ndi miyendo ya kumbuyo dzenje lakuya ngati theka la mita, ndi kuikiramo mazira pakati pa 25 ndi 80, oyera, a cigoba colimba. Ikafocera imagona pompo kapena pafupi kwa miyezi itatu, osadya kweni-kweni. Dzuwa likanyanya imatsikira m'madzi kukazizira, ndipo nthawi imeneyo ndiyo imene ng'azi imadikira. Ng'azi ndiyo mdani wamkulu wa mazira a ng'ona. Ikafukula dzenje, afisi, anyani ndi misulu amadzatsiriza zotsala. M'mawa mwace, pobwerera kumudzi, tinaona dzenje limodzi lofukulidwa cotero, zigoba ziri mbwee pa mcenga.

Mazira amene apulumuka amaswa ca m'Disembala, mvula itayamba. Tiana timalira tikadali m'mazira pansi pa mcenga, ndipo mai wao akamva amafukula, natitola ndi kamwa lomwe lija limene limathyola mwendo wa njati, natinyamulira ku madzi osaya. Timakhala totalika ngati masentimita 30. Kumeneko nkhwazi, milamba ikulu-ikulu ndi ng'ona zinzao zimatidya, kotero kuti tofika pa ukulu ndi towerengeka.

Codabwitsa cina n'cakuti mcenga ndiwo umasankha ngati mwana adzakhala wamwamuna kapena wamkazi. Dzira limene lakhala pa kutentha kwa madigiri 32 kufikira 34 limaswa yaimuna kawiri-kawiri. Likazizira kuposa apo limaswa yaikazi. Motero mtengo umodzi wodulidwa pa gombe, umene unali kupereka mthunzi, ungathe kusintha mbeu ya caka conse pamalopo.

Zambiri za ng'ona za m'dziko lino zinalembedwa ndi katswiri wa ku yunivesite ya Cambridge, dzina lace Hugh Cott, amene anagwira nchito m'cigwa ca Luangwa m'zaka za m'ma 1950. Nthawi imeneyo alenje a zikopa anali kupha ng'ona zambiri-mbiri usiku ndi nyali ndi mfuti. Iye anatumbula ng'ona mazana kuti aone zimene zimadya, ndipo lipoti lace la m'caka ca 1961 linasonyeza kuti zazing'ono zimadya tizilombo, nkhanu ndi acule, pamene zokulirapo zimadya nsomba, zambiri mwa izo milamba ndi zina zimene zimadya nsomba zinzao. Anacenjeza kuti kumaliza ng'ona mu mtsinje si kuculukitsa nsomba za m'mbale.

NG'ONA NDI MUDZI

Komabe wokhala m'mbali mwa Luangwa safuna kuuzidwa kuti ng'ona ndi bwenzi. M'midzi imeneyi muli mabanja amene analira maliro cifukwa ca iyo, ndi ena amene ali ndi zipsera. Amai otunga madzi ndi kucapa, ana osamba, asodzi oimirira m'madzi, mbuzi zokamwa: onsewa ali pangozi, maka-maka m'dzinja pamene madzi ali ambiri ndi obvunduka, ndipo ng'ona zazikazi ziri zaukali cifukwa ca ana.

Apa ndipo pali phindu loyamba la kudziwa mcenga. Mudzi umene udziwa pamene pali maenje a ng'ona udziwanso pamene uyenera kuletsa ana. Pa dooko potunga madzi payenera kuzikidwa mpanda wa mitengo yolimba m'madzi momwemo, ndi kuukonzanso madzi akasefukira. Matumbo a nsomba asatayidwe pa dooko. Kupita kumadzi cisisira kapena mbandakuca, pamalo amodzi-modzi tsiku ndi tsiku, ndiko kuphunzitsa ng'ona nthawi yako. Ndipo kumene kuli mjigo, amai asasiye mjigo cifukwa ca mzere wautali.

Ng'ona ikazolowera mudzi, nkhani iyenera kupita kwa a mfumu ndi kwa a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA m'caka ca 2016 potsata lamulo la nyama la m'caka ca 2015. Lamulo limeneli limati nyama zonse za m'thengo ziri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa mtundu wonse, ndipo mazira a ng'ona satoledwa popanda cilolezo. Cilolezo cotere cimapatsidwa kwa oweta ng'ona, monga a m'mbali mwa nyanja ya Kariba, amene amaswetsa mazira ndi kugulitsa zikopa kunja. Motero dzenje limene mwana woweta mbuzi angaliphwanye posewera liri ndi mtengo wace.

NKHASI, MWINI MCENGA WOFATSA

Mwini wina wa cikuta cimeneci sanagwirepo munthu, ndipo ndiye ali pangozi yaikulu. Nkhasi ndi mbale wace wa fulu, koma cigoba cace n'cophwatalala, cokutidwa ndi khungu lofewa ngati cikopa conyowa. Iri ndi khosi lalitali ndi mphuno yonga kacitoliro, imene imaturutsa pamwamba pa madzi popuma thupi lonse liri lobisika. Kunsi kwace kuli zikopa ziwiri zimene zimaphimba miyendo ya kumbuyo ikadzipinda. Yaikulu imapitirira theka la mita ndi makilogramu 10. Imadzikwirira mu mcenga wa pansi pa madzi, nidikira nsomba, ndiponso imadya nkhono za m'madzi. Imapezeka mu Luangwa, mu Zambezi, mu Shire, m'nyanja ya Malawi, mu Ruvuma ndi mu Save. Katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, ndiye anailemba m'mabuku a sayansi m'caka ca 1854 ataiona ku Mozambique, koma makolo athu anali ataicha dzina kale-kale.

Usiku umenewo sitinaone nkhasi pamtunda, pakuti nyengo yace yoikira ndi dzinja. Pamenepo yaikazi imaturuka m'madzi usiku, ndi kukumba kadzenje kosaya, ndi kuikiramo mazira obulungira ngati 20. Ikafocera imabwerera m'madzi, osalonda monga icitira ng'ona. Pamtunda iribe mphamvu. Wopeza mapazi ace m'mawa amapeza mazira, ndipo woipeza usiku amangoitembenuza cagada. Zina zimakodwa m'maukonde ndi pa mbedza.

Kale munthu anali kupha imodzi ya ndiwo za pa banja. Koma m'zaka zapitazi kunabuka malonda a nyama ndi zigoba za nkhasi za mu Africa opita ku Asia. M'caka ca 2016 bungwe la IUCN linaika nkhasi yathuyi pa mndandanda wa zamoyo zimene ziri pangozi ya kutha, ndipo caka comweco msonkhano wa maiko wa CITES umene unacitikira ku Johannesburg unagwirizana kuti isaturutsidwe kunja kwa dziko popanda cilolezo. Masamu ace ndi apafupi. Nkhasi imatenga zaka zambiri kuti ikule, ndipo ikakula imaikira caka ndi caka. Wopha yaikazi pa dzenje wadya ndiwo za tsiku limodzi, koma wakwirira mazira a zaka zonse zimene zinali kutsogolo kwace.

KUMENE MADZI ATHU AMATHERA

Kuti tione zimene anthu angathe kucita pa bvuto lotere, tiyeni titsate madzi a Luangwa. Akapitirira Feira ndi Zumbo amalowa m'damu la Cahora Bassa, nadutsa Tete, nathira m'nyanja yamcere ya India. M'magombe a nyanja imeneyo, ku Mozambique ndi ku South Africa, mumafika afulu a m'nyanja, abale aakulu a nkhasi yathu. Mtundu wina, wa mutu waukulu, Azungu amaucha loggerhead. Wina, wochedwa leatherback, uli ndi cigoba cofewa ndipo ukhoza kulemera kuposa makilogramu 500. Nyama zimenezi zimakhala m'nyanja moyo wao wonse, koma zazikazi zimayenera kukwera pa mcenga kuti ziikire, ndipo zimabwerera ku dera lomwelo kumene zinaswedwa, patapita zaka zambiri.

Kuyambira Okutobala kufikira Febuluwale, yaikazi imakwawa usiku kucoka m'mafunde, nisiya njira yonga ya thirakitala. Imakumba dzenje ndi zipsepse za kumbuyo, niikira mazira ofewa ngati 100, ndipo imabweranso kangapo m'nyengo imodzi, patapita masabata ngati awiri. Mazira amaswa patatha miyezi iwiri. Kwa iwo kutentha kumagwira nchito mosiyana ndi kwa ng'ona: mcenga ukatentha kuposa madigiri 29, ana ambiri amakhala aakazi.

Kumenekonso anthu anali kupha zazikazi pa dzenje ndi kudya mazira. M'caka ca 1963 a bungwe la Natal Parks Board anayamba kulonda gombe la kufupi ndi Bhanga Nek, kumpoto kwa Natal, ndipo katswiri George Hughes anatsogolera nchitoyi kwa zaka zambiri. Nchito imeneyi siinaleke kufikira lero, ndipo ndi imodzi mwa zakale koposa za mtundu umenewu pa dziko lonse lapansi. Tsidya la Mozambique, ku Ponta do Ouro, gombe linaikidwa pansi pa citetezo ca Boma m'caka ca 2009. Amene amayenda pa mcenga usiku kumeneko ambiri ndi anthu a m'midzi yomweyo, olembedwa nchito ya ulonda.

Kacitidwe kao ndi kosabvuta. Mlonda ali yense ali ndi cigawo cace ca gombe, cimene amayenda wapansi usiku uli wonse. Akaona fulu akukwera amaima patali mu mdima, pakuti kuwala ndi phokoso zimambweza m'madzi asanaikire. Akayamba kuikira, mlonda amayandikira ca kumbuyo ndi kanyali kofiira, napima cigoba ndi tepi, namanga kacitsulo ka nambala ku cipsepse, nalemba m'buku tsiku, malo ndi mtundu. M'mawa amawerenga njira zonse zimene zinamphonya. Tiana tikaswa timathamangira kumene kuli kuwala, kumene mwacibadwa ndi kunyanja. Cifukwa cace moto ndi magetsi pa gombe n'zoletsedwa. Zipatso zace zinaoneka patapita zaka: maenje a loggerhead pa gombe limenelo anaculuka kangapo poyerekeza ndi ciyambi. Cimene cinapulumutsa afulu amenewo ndi mapazi a anthu, buku ndi pensulo.

ZIMENE ZIRI M'MANJA MWATHU

Anthu a ku Nyimba, Petauke ndi Lusangazi anaonetsa kale kuti mtsinje wao auwerengera. Panali ganizo lomanga damu la magetsi pa Luangwa, pa mpata wa Ndevu. Mafumu a m'cigwa, pamodzi ndi a Luembe, ndi mabungwe monga WWF, anadandaula kuti midzi, minda ndi malo a nyama zidzamira, ndipo m'mwezi wa Juni caka ca 2019 Boma linaimitsa ganizolo. Madamu a Kariba, la m'caka ca 1959, ndi Cahora Bassa, la m'caka ca 1974, anapatsa maiko magetsi, koma anasinthanso kusefukira kwa Zambezi, pakuti damu limagwira mcenga kumtunda ndi kuletsa cigumula cimene cimasesa magombe. Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje yaikulu yowerengeka ya kum'mwera kwa Africa imene ikuyendabe yosatsekedwa.

Koma cikuta cingathe kuonongeka popanda damu. Mitengo ikatha kumtunda cifukwa ca makala amene timaona m'matumba m'mbali mwa mseu waukulu, madzi a mvula amatsika mwaukali pa nthawi imodzi, namiza maenje mazira asanaswe. Munda ukalimidwa kufikira pa mlomo wa gombe, gombe limagumuka, ndipo mlimi amataya munda pamodzi ndi mthunzi wa mazira. Masikito a udzudzu akasanduka ukonde, amakokolola nsomba zazing'ono pamodzi ndi tiana ta nkhasi. Agalu omperekeza msodzi amafukula zimene ng'azi inasiya.

M'malo osungirako nyama muli kale makomiti a anthu a m'midzi oyang'anira zacilengedwe, amene lamulo limawapatsa gawo la ndalama zocokera ku nyama, ndipo muli alonda a m'midzi amene amayenda m'thengo. Muli asodzi okalamba odziwa kuwerenga mcenga kuposa wophunzira ali yense. Muli aphunzitsi ndi ana a sukulu odziwa kulemba. Anthu amenewa atagwirizana, mudzi uli wonse ungathe kukhala ndi buku lace la gombe: tsiku limene njira yaoneka, ya ng'ona kapena ya nkhasi, pamalo pati, ndipo ngati dzenje linaswa kapena linafukulidwa. Kuwerenga njira ndi nchito ya m'mawa kutayera, patali ndi madzi. Kuyenda usiku kusiyidwe kwa alonda ndi akulu odziwa mvuu ndi njobvu, ndipo ana asayese konse. Buku lotere likasungidwa zaka zisanu, a mfumu adzakhala ndi umboni poweruza za madooko ndi minda ya m'gombe, ndipo mudzi udzakhala ndi poyambira polankhula ndi a Boma kapena ndi ofuna cilolezo ca mazira.

Mvula iri pafupi. M'Disembala tiana ta ng'ona tidzayamba kulira pansi pa mcenga, ndipo amai ao adzakhala aukali. Makolo, cenjezani ana anu tsopano. M'miyezi yotsatira nkhasi zidzakwera usiku kudzaikira. Inu asodzi, mukapeza yaikazi pamtunda, ipatseni njira. Mukaipeza m'ukonde ikadali ndi moyo, ibwezereni m'madzi. Nsomba mudzagwira zina mawa, koma nkhasi ikatha mu Luangwa palibe sitolo imene mungakaiguleko, ndipo madzi akatayika saoleka.